Cooler yosasokosa kuno kuchigwa: yamadziyo isiyeni kaye

Achimwene ena a ku Nchalo alemba kuti ali ndi kasitudiyo kunyumba komwe amajambulirako makwaya ndi mauthenga amalonda. Kompyuta yawo ndi desktop ya Ryzen 5 5600 ndipo cooler yake, choziziritsira purosesa, ndi ija imabwera m'bokosi limodzi ndi purosesa. Akuti chiyambire Seputembala fani ikumalira ngati chigayo mpaka mayiki kumatola phokosolo, nde mnzawo wawauza kuti agule cooler yamadzi, ya timagetsi tamitundumitundu tija. Akufunsa kuti agule iti yoti izikhala chete.

Achimwene, ndalama ya yamadziyo ikhale kaye m'thumba, chifukwa chake ndifikapo. Koma ndiyambe ndakufunsani, mwatsimikiza kuti chikusokosacho ndi fani ya purosesa? Ndikufunsa chifukwa anthu ambiri amabwera ndi makina awo atagula kale cooler yodula, amanga bwinobwino, kuyatsa phokoso lili pompo, tikayang'anitsitsa timapeza kuti wolakwa ndi kafani ka kumbuyo kwa kesi kapena ka mu power supply. Nde tsegulani chitseko cha m'mbali kompyuta ili chiyakire, dinani ndi chala pakati penipeni pa fani ya purosesa, pa kabwalo kali ndi sitika paja osati pa mapiko, sekondi imodzi kapena ziwiri basi, mumve ngati phokoso lachepa. Muchite chimodzimodzi ndi mafani a kesi komanso a graphics card ngati muli nayo. Mu power supply mokha musapisemo chala olo kawaya, mumakhala moto woopsa ngakhale mutazimitsa, ingoyandikitsani khutu. Mvetseraninso mtundu wa phokosolo. Likakhala la fuuu ndi mphepo chabe, fani ikuthamanga kwambiri. Likakhala la krrr kapena kugogoda ndiye kuti bering'i ya fani yatha, imeneyo olo muipukute bwanji siisiya, ndi yosintha basi. Ndipo ngati mukadali ndi hard disk yozungulira ija nayonso imang'ung'uza ndi kugwedeza kesi yonse, SSD ilibe chozungulira chilichonse.

Tinene kuti mwapeza kuti ndi ya purosesadi, zomwe ndikukhulupirira chifukwa cooler ya m'bokosi ya 5600 ndi Wraith Stealth, kachitsulo ka aluminiyamu kakafupi kopanda ma heat pipe (timapaipi tonyamula kutentha), ndi kafani kakang'ono pamwamba. Siyoipa ayi, AMD inaipanga kuti ikwanire purosesa ya mawati 65 m'chipinda chozizira bwino. Vuto ndi lakuti ife sitikhala m'chipinda chozizira bwino.

Apa mpamene pagona nkhani yonse ndipo anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe akamatilangiza amaiwala. Cooler iliyonse, yamphepo kaya yamadzi, siipanga kuzizira ngati filiji, imangotenga kutentha kwa purosesa nkukupatsira ku mpweya wa m'chipinda. Mpweyawo ukakhala wotentha kale ntchito imakula. Anthu amene amayesa ma cooler pa YouTube paja amayesera m'zipinda za madigiri 21 mpaka 25, nde akanena kuti purosesa inafika madigiri 70 ikugwira ntchito yolemera ndiye kuti inakwera ndi madigiri 45 mpaka 50 pamwamba pa kutentha kwa chipinda. Tsono bweretsani makina omwewo ku Nchalo, ku Ngabu kaya ku Bangula mu Okutobala kapena Novembala, panja pali 40 kapena kupitirira, inu muli m'nyumba ya malata yopanda siling'i, mwatsekanso mawindo ndi chitseko kuti atambala ndi njinga zamoto zisamveke mu mayiki. 70 ija yasanduka 85 mpaka 90 popanda chawonongeka chilichonse. Motherboard ikaona manambala amenewo imalamula fani kuti ithamange mpaka mapeto, ndipo kafani kakang'ono kakamazungulira kupitirira ka 2000 pa mphindi kamalira mawu osongoka aja amene mayiki ya condenser imawakonda kwambiri. Ife tili pansi, Nsanje siifika olo mamita 100 kuchokera pa nyanja yamchere pomwe Blantyre ili cha m'ma 1000, nchifukwa chake makina omwewo mukakwera nawo phiri la Thabwa amakakhala ofatsa, mukatsika nawo ayambanso.

Ndiye lamulo langa kwa anthu a kuchigwa ndi limodzi, gulani cooler yaikulu kuposa imene purosesa yanu ikufuna. Kukhala chete sikuchokera pa dzina la kampani kapena pa mawu akuti silent olembedwa pa katoni, kumachokera pa chitsulo chambiri ndi fani yaikulu yoyenda pang'onopang'ono. Fani ya mamilimita 120 kapena 140 ikamazungulira ka 800 mpaka 1000 pa mphindi imakankha mphepo yokwanira koma inu mutakhala pampando simuimva kwenikweni. Kuti fani ikhale pa liwiro lochepalo masana a Okutobala pafunika chitsulo chokhala ndi malo ambiri otayira kutentha.

Zimene ndikunenazi ndi zija amati tower cooler, zoima ngati nsanja. Pansi pali kachitsulo kogunda purosesa, kuchokera pamenepo timapaipi takopa tikukwera m'mwamba kudutsa m'timapepala ta aluminiyamu tosanjikizana. M'timapaipimo muli timadzi pang'ono ndipo mpweya anauchotsamo, nde timadzito timawira msanga kukatentha pansi, nthunzi imakwera kukazizira kumtunda kumene fani ikuwomba, nkubwereranso pansi, kumangozungulira choncho popanda pampu, popanda chotha. Chinthu chokhacho chimene chingafe pa cooler yotereyi ndi fani, ndipo fani ya 120 mumangomasula timawaya togwirira tija nkuikapo ina.

Mayina tsopano. Pa 5600 yanuyo, kukanakhala kozizira ndikanati tengani ya nsanja imodzi ya mapaipi anayi monga DeepCool AK400 kapena Cooler Master Hyper 212, nkhani yatha. Ndipo olo kuno zimenezi zikhoza kukuthandizani kwambiri poyerekeza ndi imene muli nayo. Koma poti inu mukujambula mawu ndipo mukufuna chete weniweni, ine ndingakankhire pa ya nsanja ziwiri, Thermalright Peerless Assassin 120 SE, ili ndi mapaipi 6 ndi mafani awiri a 120 ndipo kunja imagulitsidwa cha m'ma dola 35 mpaka 40, mtengo umene unasokoneza msika wonse chifukwa imagwira ntchito moyandikira zija zodula kawiri kapena katatu. DeepCool AK620 ili m'gulu lomwelo. Pamwamba pa zonse pali Noctua ya ku Austria, ya mafani a mtundu wa khofi ndi mkaka aja amene ena amati ndi onyansa, NH-D15 inatuluka mu 2014 koma mpaka pano anthu akuigwiritsabe ntchito, ili ndi mafani awiri a 140, walanti ya zaka 6, ndipo kampaniyo imadziwika ndi kutumiza zomangira zatsopano socket (pokhazika purosesa pa motherboard) ikasintha. Kungoti mtengo wake umapitirira madola 100, nde ndi mmene dola ikuvutira pano, kuwonjezera wokubweretserani kuchokera ku Johannesburg, pa purosesa ya mawati 65 ine sindikuona chifukwa. Palinso be quiet! ya ku Germany, Pure Rock 2 ndi Dark Rock Pro 4, nazo ndi zofatsa bwino mukazipeza. Mukapeza Noctua kapena be quiet! yogwiritsidwapo kale ntchito pa mtengo wabwino tengani, bola zomangira za socket yanu ya AM4 zilipo zonse, chitsulo sichikalamba.

Zimene ndikukuletsani ndi zija zopanda dzina lodziwika zodzaza m'mashopu ena, katoni yowala, fani ya magetsi ofiira ndi obiriwira, kulemba mawati ambirimbiri. Itembenuzeni muone waya wa fani. Ukakhala wa mapini anayi ndiye PWM, motherboard imatha kuitsitsa liwiro bwinobwino mpaka pansi. Wa mapini atatu umatsitsika pokhapokha board yanu ili ndi DC mode ndipo nthawi zambiri sufika pansi kwenikweni, zina zimangothamanga liwiro limodzi chiyatsire mpaka kuzimitsa. Za ma dBA (manambala a kukula kwa phokoso) olembedwa pa katoni musazitengere, kampani iliyonse imayeza mwa njira yake ndi pa mtunda wake, simungayerekeze 25 wa uyu ndi 28 wa uyo. Chongodziwa ndi choti kusiyana kwa ma decibel 10 khutu limamva ngati phokoso lawirikiza kawiri, pomwe kusiyana kwa 1 kapena 2 simungakuzindikire nkomwe.

Musanatumize ndalama kwa aliyense tengani rula. Izi ndi zimene zimaliza anthu. Yezani kuchokera pamwamba pa purosesa kufika pamene chitseko cha m'mbali chimatsekera, kapena fufuzani dzina la kesi yanu pa intaneti muone CPU cooler height. Peerless Assassin 120 SE ndi AK400 ndi zazitali mamilimita 155, AK620 ndi 160, NH-D15 ndi 165, pomwe makesi ambiri otchipa amene timagula kuno ndi opyapyala, ena samafika olo 155. Ikakhala yothina pali Noctua NH-U9S ya mamilimita 125, kungoti fani yake ndi ya 92 nde imafunika kuthamangirapo. Kusiya chitseko chotsegula chifukwa cooler yatulukira kunja sinzeru, phokoso lonse limabwera kwa inu ndipo fumbi limalowa mwaufulu. Onaninso RAM, pa za nsanja ziwirizi fani yakutsogolo imakhala pamwamba pa RAM, ikakhala RAM yaitali ya timagetsi ija mumakweza faniyo pang'ono kapena kungoichotsa nkusiya yapakati yokha, pa 5600 imodziyo ikukwana ndipo phokoso limachepanso. Socket yanu ndi AM4, pafupifupi cooler iliyonse yodziwika imabwera ndi zomangira zake, ndipo zambiri zimalowanso pa AM5 mukadzafuna kukwera. A Intel samalani, mabowo a LGA1700 imene inabwera mu 2021 ndi otalikirana kuposa a LGA1151 ndi LGA1200, cooler yakale imafuna zomangira zina.

Ndipatuke pang'ono chifukwa ndikudziwa ena akuwerenga ali ndi ma Dell OptiPlex, HP ProDesk ndi Lenovo ThinkCentre aja ochokera m'maofesi akunja, amene ndi ambiri kuno kuposa makompyuta omanga wekha. Inu nkhani ya tower cooler kwa ambiri siikukhudzani, makesi ake ndi aang'ono, zomangira ndi zawozawo, ma Dell ena fani yake ndi ya mapini asanu ndipo mukaikapo ina imadandaula poyatsa. Kwa inu mankhwala ndi kupukuta, kusintha paste (phala lopaka pakati pa purosesa ndi cooler), ndi kupeza fani ya mtundu womwewo ngati yatha.

Tsopano yamadzi ija. Mnzanuyo sakunama kuti imaziziritsa, ya radiator (chitsulo chimene madziwo amakazizirira) yaikulu ya mamilimita 360 imathandizadi pa mapurosesa olusa ngati Core i7-13700K imene imatha kukoka mawati 253. Koma yanu, olo amailemba 65, ikalemedwa imathera cha pa mawati 76. Ndipo yamadzi ili ndi pampu, pampuyo imazungulira nthawi zonse olo kompyuta ikungokhala, imatulutsa kamawu kopyapyala kosalekeza kamene masana simungakamve koma usiku mukujambula munthu mmodzi akuyankhula chapansipansi kamalowa mu mayiki bwinobwino, pena mumamvanso timadzi tikuchita kulukulu mpweya ukalowa mu pampu. Mafani alipobe awiri kapena atatu pa radiator, ndipo radiatoryo ikuziziritsidwa ndi mpweya womwewo wa madigiri 40, palibe matsenga. Timipata take ndi tothinana kwambiri nde fumbi lathuli limatseka msanga. Pakapita zaka madzi amachepa pang'onopang'ono kudzera m'mapaipi, pampu imatha, ndipo tsiku limene yafa purosesa imatentha nthawi yomweyo kompyuta nkuzima, inu muli ndi kwaya yochokera ku Ngabu yakhala pakhonde ikudikira, sipeya kulibe Chikwawa yonse, walanti ili kutsidya kwa nyanja. Ya mphepo fani ikafa chitsulo chija chimagwirabe pang'ono, mukhoza kubwereka fani ya kesi nkumaliza ntchito ya tsikulo.

Mbali yotsatirayi ndi yaulere ndipo muiyese lero lomwe musanagule kanthu, mwina theka la vuto lithera pomwepa. Lowani mu BIOS, momwe mumasinthira kagwiridwe ntchito ka motherboard, dinani Delete poyatsa, mupeze pamene pali za mafani, ASUS amati Q-Fan, Gigabyte amati Smart Fan, MSI zili mu Hardware Monitor. Muona kamzere kosonyeza kuti purosesa ikafika madigiri akuti fani ithamange mwakuti. Kamzere kobwera nako kanapangidwira kozizira, kamayamba kukweza fani cha m'ma 50, pomwe kuno Ryzen kungokhala osachita kanthu masana ili kale pa 50 kapena 55, nde fani imakhala yokwiya tsiku lonse popanda chifukwa. Ndi cooler yaikulu ine ndimaika fani pa 35 kapena 40 peresenti mpaka madigiri 65, kenako kukwera pang'onopang'ono kufika 60 peresenti pa 75, nkudzafika 100 pa 85. Musaope manambalawa, 5600 malire ake ndi madigiri 90 ndipo ikafika pamenepo imadzichepetsa yokha liwiro, siipsa. Palinso kena kotchedwa step up time kapena smoothing, kaikeni pa masekondi angapo, chifukwa Ryzen imakonda kudumpha madigiri 10 mukangotsegula Chrome nkutsikanso, nde fani ikamatsatira kudumpha kulikonse imachita vuu, zii, vuu, zii, ndipo phokoso losinthasinthali ndi limene limatopetsa kuposa lokhazikika. Ngati BIOS ikukuopsani pali pulogalamu yaulere yotchedwa Fan Control imene imachita zomwezo muli mu Windows.

Kenako chepetsani moto umene purosesa ikudya. Ma board ambiri a AM4 ali ndi Eco Mode pansi pa Precision Boost Overdrive, pa purosesa ya 65 imaitsitsira pa 45, liwiro limene mumataya ndi lochepa moti pojambula mawu simungalione, koma kutentha kumatsika ndithu. Kwa amene muli pa sola ndi inveta ndi phindu kawiri, batire limakhalitsa. A Intel zofanana nazo ndi PL1 ndi PL2. Kujambula mawu pakokha si ntchito yolemera kwa purosesa, kulemera kumabwera pa mixing mukadzaza ma plugin, ndipo nthawi imeneyo mayiki ndi yozima kale.

Pomanga, pali tinthu tingapo toti musaphonye. Yatsani kompyuta igwire ntchito mphindi zingapo kuti paste yakale ifewe, zimitsani, zulani pulagi, masulani masikuluu anayi a Wraith mopingasa, kenako ipotozeni pang'ono uku ndi uku musanaikoke. Mukangoizula molunjika paste itauma, purosesa ya AM4 imatuluka limodzi ndi cooler itamatirira kunsi, ndipo timapini take tikapindika ndi ntchito ya singano ndi maso akuthwa. Chitsulo cha kuseri kwa motherboard musachitaye, cooler yatsopano nthawi zambiri imamangirira pomwepo, ndipo chimagwa mukamasula nde chigwirizeni ndi dzanja kapena gonekani kesi. Pukutani paste yakale ndi kansalu kosasiya ubweya ndi isopropyl kapena spirit pang'ono, dikirani paume. Paste yatsopano kadontho ngati njere ya nandolo pakati basi, imene imabwera ndi cooler ndi yokwana, mukafuna kugula Arctic MX-4 ndi yabwino. Mankhwala otsukira mano ayi chonde, ndinazionapo, amauma nkusanduka choko. Mangani masikuluu mosinthanasinthana pang'onopang'ono, fani iziwomba kuloza kumbuyo kwa kesi kumene kuli fani yotulutsa, ndipo waya wake ulowe pa CPU_FAN.

Cooler yabwino mu kesi yosapuma ndi kutaya ndalama. Pakhale fani imodzi kapena ziwiri za 120 kutsogolo zolowetsa mphepo ndi imodzi kumbuyo yotulutsa, zonse zoyenda pang'onopang'ono, Arctic P12 ndi yotchipa ndipo imachita bwino. Zolowetsa zikachuluka pang'ono kuposa zotulutsa fumbi sililowera m'ming'alu, limadzera pa sefa yakutsogolo pamene mungathe kulipukuta. Inu a ku Nchalo muli ndi zanuzanu, nyengo yodula nzimbe akamawotcha minda timaphulusa takuda tija timagwa paliponse, tikasakanikirana ndi fumbi la chilimwe timapanga kabulangete kutsogolo kwa timapepala ta cooler, ndatsegulapo makina ena kabulangeteko nkumachoka kathunthu ngati nsalu. Nyengo imeneyi sefa muzipukuta sabata iliyonse kapena ziwiri, mkati muzipemerera ndi bulowa pakatha mwezi kapena iwiri, panja, mutagwira fani ndi chala kuti isazungulire mopenga. Kompyuta ichoke pansi ikhale patebulo, pansi mpamene pali fumbi lambiri, komanso kuno madzi akabwera safunsa. Isalowe m'kabati yotseka, ndipo kansalu koluka kaja kapena chitenje chimene amayi amafunditsa kuti isade chizichoka mukamayatsa. Anansi ena ndi nalimata ndi mphemvu, amakonda kufunda kwa power supply, nde mabowo akumbuyo opanda ntchito atsekeni.

Za situdiyo ndingowonjezera kuti mtunda ndi waulere. Mukawirikiza kawiri mtunda pakati pa kompyuta ndi mayiki phokoso limatsika ndi ma decibel pafupifupi 6 pamalo otseguka, m'chipinda chaching'ono limatsika mocheperapo koma zimamvekabe. Mayiki ya cardioid imamva pang'ono kumbuyo kwake, nde kumbuyoko kuloze kompyuta. Ena amangoboola khoma nkudutsitsa mawaya, makina nkukhala chipinda china.

Ngati mukaimangitsa ku Blantyre, pobwerera musaikweze pa minibasi cooler yaikulu ili chimangire kesi itaima. NH-D15 ndi mafani ake imapitirira kilogalamu imodzi, ikamagwedezeka m'mabampu ndi m'makhona otsika Thabwa imakoka motherboard. Gonekani kesi chagada motherboard ikhale pansi, muiike pamiyendo ngati nkotheka, kapena nyamulani cooler payokha mudzamange kunyumba.

Mukamaliza ikani HWiNFO, pulogalamu yoonetsa kutentha, yatsani Cinebench, pulogalamu yolemetsa purosesa, kwa mphindi 10 cha m'ma 2 koloko masana, osati m'mawa kukadali kozizira. Purosesa ikakhala pansi pa madigiri 80 kapena 85 fani isakukuwa, zili bho, siyani choncho. Ikangothamangira ku 90 m'masekondi ochepa zimitsani mumasule muyang'ane kunsi kwa cooler, pamakhala kapulasitiki koonekera kolembedwa kuti kachotsedwe musanamange, ndipo anthu ambiri amakaiwala pomwepo.